Kompyuta ya agogo ikadali pantchito, koma mpaka liti?

Zimachitika kawirikawiri Loweruka m'mawa, kaya ndi pa Lunzu, pa Mponela, pa Jenda kapena pa Luchenza. Mnyamata amalowa m'kashopu kotayipira makalata ali wefuwefu, fulashi ili m'manja. Kalata yofunsira ntchito adailemba usiku pafoni ya mnzake, ndipo tsiku lomaliza kulandira makalatawo ndi Lolemba. Chomwe akufuna n'chakuti aipulinte basi, akwere minibasi.

Mwini shopu amalowetsa fulashiyo n'kudina pa fayilo. Kompyuta imayamba yazengereza kaye, kenako imaonetsa zilembo zosamveka ngati pomwe nkhuku yapalasa. Pamzere pamayamba manong'onong'o. Ena amati fulashi ili ndi vayirasi, ena amati mnyamatayo sadasunge bwino kalata yake, pomwe ena amakayikira mwini shopu kuti ntchitoyi saidziwa.

Koma nthawi zambiri palibe wolakwa pa anthu onsewa. Vuto limakhala la msinkhu. Kalata ndi ya chaka chino, pomwe kompyuta ikuyendera Windows XP, pulogalamu yomwe kampani ya Microsoft ya ku America idatulutsa pa 25 October 2001, mnyamata wofunsira ntchitoyo mwina asadabadwe.

Idafika bwanji kuno?

Aliyense amene adagwirako kompyuta m'zaka za m'ma 2000 amachikumbukira chithunzi chija cha kaphiri kobiriwira pansi pa thambo la mitambo yoyera. Ambiri ankaganiza kuti n'chojambula ndi makina, koma ndi malo enieni a m'dera la Sonoma ku California, ndipo adachijambula ndi Charles O'Rear mu 1996. Chithunzichi ndicho chidali nkhope ya XP.

XP idakondedwa chifukwa sinkafuna zambiri. Microsoft idati inkatha kuyenda pa kompyuta ya memori ya 64 MB ndi malo osungira a 1.5 GB. Foni yotchipa yomwe ikugulitsidwa pamsika lero ili ndi mphamvu kuposa pamenepa kangapo konse.

Makampani ndi masukulu a ku Ulaya atayamba kusintha makompyuta awo, ambiri mwa akalewo adatumizidwa kumaiko a mu Africa, ena ngati mphatso kudzera m'mabungwe, ena ngati malonda a kaunjika. Umu ndi momwe makina a Dell, HP ndi Compaq adafikira m'maofesi a mipingo, m'masekondale ndi m'mashopu a fotokope. Kufikira lero ena mwa makinawa ndiwo amatayipa makhadi a ukwati, mapologalamu a maliro, mayeso a ana asukulu, malipoti a banki m'khonde ndi makalata a malo.

Choncho nkhani ya kompyuta yakale si ya mwini shopu yekha. Banja lomwe lilibe kompyuta pakhomo limasungitsa zinthu zake zofunika m'makina omwewa, nthawi zina osadziwa n'komwe.

Tsiku lomwe mwini adasamba m'manja

Pa 8 April 2014, Microsoft idasiya kusamalira Windows XP pamodzi ndi Office 2003, phukusi lomwe muli Word ndi Excel. Apa n'kuti XP itatha zaka zoposa 12 ili pamsika.

Anthu ena adamva ngati makompyuta azima tsiku limenelo. Sadazime, ndipo n'chifukwa chake ambiri adaiona nkhaniyi ngati njomba ya amalonda. Koma chomwe chidatha ndi chinthu chosaoneka ndi maso.

Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi ming'alu yomwe olemba ake sadaione. Akuba a pa intaneti amakhalira kufunafuna ming'alu yotereyi. Ikapezeka, kampani imatumiza chigamba chotsekera. Kwa zaka zambiri Microsoft inkatumiza zigamba za XP Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Kuyambira April 2014 zigambazo zidaleka kubwera. Zili ngati nyumba ya njerwa zabwino yomwe mmisiri wake adalengeza kuti sadzabweranso kudzamata, ngakhale khoma litang'ambika pakati pa dzinja.

Si Amalawi okha omwe adapezeka asadakonzeke. Boma la Britain lidalipira Microsoft mapaundi 5.5 miliyoni mu 2014 kuti ipitirize kusamalira makompyuta a XP a m'maofesi ake kwa chaka chimodzi chokha. Makina ambiri otapira ndalama a ATM padziko lapansi nawonso ankayendera XP nthawi imeneyo.

Kalata yokana kutseguka

Tsono n'chiyani chidachitikira kalata ya mnyamata uja? Kufikira Office 2003, Word inkasunga makalata m'mafayilo othera ndi .doc, ndipo Excel inkasunga mu .xls. Office 2007 itabwera, kasungidwe kadasintha kukhala .docx ndi .xlsx. Kachilembo kamodzi kowonjezerako kakutanthauza kuti mkati mwa fayilo mudamangidwa mwatsopano kotheratu. Word yakale siidziwa kawerengedwe kake.

Mafoni ndi malaputopu a masiku ano amasunga mu .docx osafunsa n'komwe mwini wake. Microsoft idatulutsa kapulogalamu kaulere kotchedwa Compatibility Pack kothandiza Office yakale kutsegula mafayilo atsopanowa, ndipo shopu yomwe idakaika siivutika kwambiri. Komabe ngakhale fayilo itatseguka, mizere imatha kusuntha, tebulo kupindika, kalata ya tsamba limodzi n'kusanduka masamba awiri.

Njira yachidule ili m'manja mwa kasitomala. Amene akungofuna kupulinta asunge kalata yake ngati PDF asadachoke pakhomo, chifukwa PDF imaoneka chimodzimodzi pa makina alionse. Amene akufuna kuti otayipa akakonzemo zina asunge kachiwiri ngati .doc, pomwe pamalembedwa kuti Word 97-2003.

Kwa mwini shopu, malire ndi odziwika. Office 2010 ndiyo yomaliza yomwe imalowa pa XP, ndipo nayo Microsoft idasiya kuisamalira mu October 2020. Office 2013 ndi zonse zobwera pambuyo pake zimakana kulowa.

Palinso msampha wina woopsa kuposa uwu. Mafulashi ndi mamemori khadi akuluakulu, makamaka a 64 GB kupita m'tsogolo, amabwera atakonzedwa m'njira yotchedwa exFAT. XP yomwe sidalandire chigamba chapadera siizindikira njirayi, ndiye imafunsa ngati ingafomate fulashiyo. Wodina povomera amafufuta zonse zomwe zidali m'menemo, kuphatikizapo zithunzi za ukwati ndi masatifiketi osikanidwa. Funso limeneli likatuluka, chanzeru n'kukana ndi kuzula fulashiyo.

Pulinta yatsopano, kompyuta yakale

Mwini shopu akasonkhanitsa kangachepe, chinthu choyamba chomwe amaganiza kugula ndi pulinta. Amapita ku Lilongwe kapena ku Limbe, n'kubwera ndi katoni yonyezimira. Akalumikiza, kompyuta imangonena kuti yapeza chipangizo chatsopano, basi nkhani yathera pomwepo.

Pakati pa kompyuta ndi pulinta pamafunika kapulogalamu komasulira komwe amisiri amakatcha dalaiva. Kamalembedwa ndi kampani yopanga pulintayo, ndipo mtundu uliwonse wa Windows umafuna kake. Microsoft itaisiya XP, opanga mapulinta ndi masikana nawo adayamba kuleka kulemba madalaiva ake. Pulinta imatha kukhala yabwinobwino, chingwe chabwinobwino, koma zinthu ziwirizi osamvana chinenero.

Vutoli limagwiranso mbali inayo. Pali mapulinta akale olimba ngati khasu, omwe amalumikizidwa ndi chingwe chachikulu cha mano 25. Makompyuta atsopano alibe polowetsa chingwe chotere, ndipo masikana ambiri akale alibe dalaiva ya Windows yatsopano. Apa mwini shopu amapezeka kuti akasintha kompyuta ndiye kuti asinthenso pulinta ndi sikana, zomwe thumba silingalole tsiku limodzi. Ichi ndi chifukwa chimodzi chachikulu chomwe XP yakhalitsira, ngakhale m'zipatala ndi m'mafakitale a kumaiko olemera, komwe makina odula ankalamulidwa ndi kompyuta yakale.

Safunsa adadya phula. Musadatulutse ndalama, werengani pakatoni mitundu ya Windows yomwe pulintayo imagwirizana nayo. Ndipo chimbale cha dalaiva chomwe chidabwera ndi pulinta yakale chisungidwe ngati chiphaso cha malo, chifukwa makampani ena adachotsa madalaiva akale pamasamba awo a intaneti.

Intaneti idatseka chitseko

Amene amayesa kulumikiza XP ku intaneti ya pafoni amakumana ndi khoma lina. Internet Explorer 8 ya 2009 ndiyo yomaliza pa XP. Google idasiya kutumiza Chrome yatsopano ku XP mu April 2016, ndipo Firefox, yomwe idapirira kuposa anzake, idatsanzika mu 2018. Masamba a mabanki, a imelo ndi a mayunivesite amagwiritsa ntchito maloko atsopano omwe mapulogalamu akalewa alibe makiyi ake. Tsamba limakana kutseguka kapena limatseguka theka.

Nthawi zina vuto limakhala laling'ono zedi. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, komwe kamasunga tsiku ndi nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti ili m'chaka chomwe idapangidwa. Masamba otetezedwa amayang'ana tsiku, ndipo likalakwika amakana. Makalata nawonso amasungidwa ndi madeti abodza. Kabatire kameneka kamapezeka kwa okonza mawotchi pamsika, ndipo kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa.

Fulashi ngati ntchentche

M'shopu ya patauni yaing'ono, matenda ambiri a kompyuta salowera pa intaneti koma pa fulashi. Fulashi imodzi imayenda kuchoka kusukulu, kupita kuofesi ya mpingo, kukafika kwa woika nyimbo, n'kudzathera kwa wotayipa. Paliponse imatola ndi kusiya.

XP idabadwa ndi khalidwe lotsegula yokha pulogalamu iliyonse yomwe fulashi yailozera. Vayirasi ya Conficker, yomwe idabuka mu November 2008 n'kugwira makompyuta mamiliyoni padziko lonse, idagwiritsa ntchito khomo limeneli. Microsoft idatumiza chigamba choletsa khalidweli mu February 2011, koma kompyuta yomwe sidalumikizidwepo ku intaneti sidachilandire.

Vayirasi yomwe yaliza anthu ambiri ndi ija imasandutsa mafoda kukhala tizithunzi ta muvi. Munthu akatsegula fulashi amaona ngati zonse zapita. Kawirikawiri mafayilo amakhala alimo, vayirasi yangowabisa. Mmisiri wodziwa amatha kuwabwezeretsa mosavuta. Amene amathamangira kufomata ndiye amadzipweteka yekha, ndipo amene amadina pa timivi tija amadwalitsanso kompyuta yomwe walowetsapo.

Phunziro la ku Britain

Kuopsa kosiya makina opanda zigamba kudaonekera poyera pa 12 May 2017. Tsiku limenelo vayirasi ya WannaCry idafalikira m'makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Inkatseka mafayilo onse n'kulamula mwini wake kulipira madola 300 kuti awatsegule.

Ku England, zipatala za boma zidagwedezeka. Madotolo adabwerera ku cholembera ndi pepala, maambulansi ena adatumizidwa kuzipatala zina, ndipo maulendo a odwala pafupifupi 19,000 okaonana ndi dotolo kapena kukachitidwa opaleshoni adalephereka. Unduna wa zaumoyo wa dzikolo udawerengera kuti chipwirikiticho chidadya mapaundi 92 miliyoni. Mnyamata wa zaka 22 wa komweko, Marcus Hutchins, ndiye adapeza njira yoimitsira kufala kwa vayirasiyo.

Zinthu zidafika poti Microsoft idaswa lamulo lake lomwe n'kutulutsa chigamba cha XP, patatha zaka zitatu itaisiya. Idachitanso chimodzimodzi mu May 2019 patapezeka mng'alu wina woopsa.

Chodabwitsa n'chakuti kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti makompyuta ambiri omwe adagwidwa sadali a XP koma a Windows 7. Chigamba chawo chidali chitatuluka kale mu March chaka chomwecho, koma eni ake sadachiike. Phunziro lake n'lakuti kukhala ndi Windows yatsopano pakokha sikuteteza munthu ngati zigamba sizikulowa.

Fumbi, kutentha ndi magetsi

Pulogalamu ikhoza kupirira, koma chitsulo chimatopa. M'miyezi ya September ndi October, fumbi la pamsika limalowa m'kompyuta n'kumata pa fani ngati thonje. Mpweya ukaleka kuyenda, makina amatentha n'kumazima okha pakati pa ntchito. Kutsegula bokosi ndi kupemerera fumbi kamodzi pa miyezi ingapo, magetsi atazimitsidwa, kumatalikitsa moyo wa makina. Kompyuta isakhale pansi pomwe tsache limadutsa.

Kuthimathima kwa magetsi ndi mdani wina. Magetsi akathima Word ili pakati posunga, fayilo imatha kuonongeka. Akabwera mwamphamvu, amatha kuotcha bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Kabokosi ka batire kotchedwa UPS kamapereka mphindi zingapo zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino, ndipo nyengo ya ziphaliwali mapulagi azizulidwa.

Chiwalo chomwe imfa yake imawawa kwambiri ndi hadi disiki, nkhokwe ya mafayilo onse. M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Patatha zaka 15 kapena 20 tikuzungulira chonchi, tsiku lililonse likhoza kukhala lomaliza. Ikayamba kulira kuti kha-kha-kha, kapena kompyuta ikamachedwa kutsegula foda yomwe kale inkatseguka msanga, imeneyo ndi belu. Makompyuta ambiri a nthawi ya XP amagwiritsa ntchito madisiki a chingwe chophwatalala cha IDE ndi memori ya DDR kapena DDR2, zomwe zidasiya kupangidwa mochuluka, moti sipeya wake amachokera m'makina ena akufa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mafayilo ofunika akhale malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo amodzi mwa malowo akhale kunja kwa shopu. Makasitomala nawo asamadalire kuti CV yawo ili kwa otayipa. Aipemphe pafulashi yawo kapena aitumize ku imelo yawo.

Mzere wa okalamba ukutalika

Amene adasamukira ku Windows 7 asaseke anzawo a XP. Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020. Windows 10 nayo idafika pamapeto pa 14 October 2025, tsiku lomwenso Office 2016 ndi Office 2019 zidasiyidwa, ngakhale kampaniyi idapereka mwayi wa zigamba zowonjezera kufikira October 2026 kwa olembetsa.

Windows 11, yomwe idatuluka mu October 2021, imasankha makina. Imafuna memori ya 4 GB, malo osungira a 64 GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Makompyuta ambiri opangidwa chisadafike chaka cha 2017 sakwanitsa zofunikazi. Zikatere makampani a kumaiko olemera amataya makina ambiri nthawi imodzi, ndipo monga zidachitikira ndi XP, ena mwa makinawo amadzathera m'misika ya kaunjika.

Choncho kholo lomwe likugulira mwana wa kukoleji laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito lisamangoyang'ana kuwala kwa chikuto. Lifunse chaka chomwe idapangidwa, lifunse ngati imalola Windows 11, liyese batire, ndipo lione kuti makiyi onse akulemba. Mtengo wotsika kwambiri nthawi zina umabisa makina omwe atsala pang'ono kupuma.

Zoyenera kuchita ndi agogowa

Sikuti kompyuta ya XP iyenera kutayidwa mawa. Ngati ntchito yake ndi kutayipa ndi kupulinta basi, ikhoza kupitiriza ngati tayipi yamakono, bola isalumikizidwe ku intaneti ndipo isagwiritsidwe ntchito pa za banki kapena kulowetsapo mawu achinsinsi a imelo. Shopu yomwe ili ndi makina awiri ingachite bwino kulandirira mafulashi a makasitomala pa atsopanowo.

Njira ina ndi kuchotsa Windows n'kuika Linux, pulogalamu yaulere yomwe munthu amaloledwa kukopera ndi kugawira anzake. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, udayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe lija la umunthu. Pali mitundu yopepuka monga Lubuntu ndi Linux Mint yomwe imadzutsa makina omwe Windows 11 idawakana, ngakhale yambiri masiku ano imafuna makina a 64-bit, zomwe zimasiya kunja makompyuta akale kwambiri. Mavayirasi a Windows oyenda pafulashi sagwira ntchito pa Linux.

Pa kutayipa pali LibreOffice, phukusi laulere lomwe lidayamba mu 2010. Limatsegula .doc ndi .docx yomwe, komanso limasunga PDF. Pa XP, mtundu womaliza womwe umalowa ndi 5.4. Vuto lake n'lakuti wotayipa yemwe adazolowera Word amafunika masiku angapo kuti zala zizolowere, ndipo ndi bwino kuyesa kaye ngati pulinta ikumvana ndi Linux musadafufute chilichonse.

Makina akafa ndithu, asatayidwe kudzala kapena kuotchedwa kuti anthu atolemo waya. Masikirini akale a chimsana chachikulu ali ndi mtovu m'galasi lake, ndipo utsi wa mapulasitiki ndi mawaya ndi poizoni kwa ana osewera pafupi. Amisiri okonza makompyuta amalandira makina akufa kuti achotsemo sipeya. Koma hadi disiki ichotsedwe kaye, chifukwa m'menemo muli makalata a anthu, manambala a ziphaso ndi zinsinsi za mabanja ambiri a m'deralo.

Za mnyamata wa Loweruka uja, mankhwala ake sadali patali. Akadasunga kalata yake ngati PDF pafoni pomwepo, pulinta ikadalira kamodzi, iye n'kulipira, n'kukapeza minibasi isadadzaze. Mwini shopu naye ali ndi ntchito yake madzulo ano akatseka chitseko: kukopera mafayilo a makasitomala pa disiki ina, agogo aja akadali ndi mpweya.